Manda a Bwana Efujeyi

Ana inu, tumafoni tanuto tiikeni kaye chafufumimba pa mphasa. Ndikufuna nkhaniyi muimve kwa ine mwini wake musanaimve kwa anzanu ku mpopi, chifukwa nkhani ikangodutsa pa mpopi wa mu Kalingalinga imabwerako itavala jekete ndi tayi.

Loweruka lija, ine gogo wanu, amene mumanditcha ba shikulu ngati ndine Mbemba, ndinaimirira pamaso pa anthu odzaza msewu, ndinavula chipewa, ndi kupempha kuti tonse tikhale chete mphindi imodzi pokumbukira malemu. Anthu anakhaladi chete. Ena anatsinzina. Bana Mwape, anansi athu aja ogulitsa tomato, anaphimba nkhope ndi chitenje mpaka mphuno inalira. Chinali chete chokoma, ndipo m'moyo wanga wonse sindinatsogolerepo mwambo wolongosoka ngati umenewo. Chinalakwika ndi chimodzi chokha: pansi pa mwala umene tinazungulirawo palibe munthu, ndipo sipanakhalepo munthu.

Iwe Dalitso, usathe mpweya ndi kuseka pano poyambira. Sunga wina, ulendo ndi wautali.

Mukukadziwa kanjira kofiira kaja kodutsa kuseri kwa akalipentala ndi owotcherera zitsulo, kamene inu mumati shotikati, pamene pali mkuyu waukulu? Pamene ine ndinkafika muno, umenewo ndiwo unali msewu wa malole ochokera kum'mawa. Lero mbuzi ziwiri sizingapatukirane bwino pamenepo, koma ndikukuuzani kuti theka la komboni ino linalowa mu Lusaka kudzera pa fumbi limenelo.

Ine ndinabwera pa lole ya fodya, ndili ndi ndevu zitatu zimene ndinkaziwerenga m'mawa uliwonse. Tinakhala pamwamba pa mabelo masiku atatu. Kamba wa pa njira anali mbatata yophika, nsawawa, ndi chimanga chokazinga cholimba moti munthu ukatafuna sumamva zimene mnzako akulankhula. M'mapiri a ku Luangwa lole inkalira ngati ng'ombe imene yalandidwa mwana. Ikatopa tinkatsika tonse, ena kukankha, ena kuthamangira kumbuyo ndi miyala yoika ku matayala kuti isabwerere kwathu yokha. Inu masiku ano mumakwera basi ya mipando yogona, ndipo mumafika mukudandaula kuti munalibe pobayira chaja.

Woyendetsa sankatifikitsa m'tauni. Kutsogolo kunali ofunsa chitupa, kapepala kosonyeza kuti uli ndi chilolezo chokhala kuno, ndipo ambiri a ife chitupa chathu chinali nkhope basi. Tsono ankaima pa mkuyu paja nati, "Selukani, Lusaka ni iyi!" Ife n'kumayang'ana uku ndi uku: udzu, maenje a miyala, tinyumba ta dothi. Ndinafunsa mnzanga kuti kodi magetsi aja ankanena awasunga kuti.

Pansi pa mkuyuwo panali mwala wa simenti wofika m'bondo, msana wake utatsamira kachulu. Pankhope pake panali zolembalemba. Tsiku limenelo ndinaukhalira n'kumakutumula fumbi m'makutu, osadziwa kuti ine ndi iwo tidzakhala pa chibale.

Za sukulu mukudziwa. Ndinalowamo m'kalasi kamodzi kokha, tsiku limene ndinapita kukatulutsa mbuzi yathu. Kuwerenga ndinaphunzira ndekha ndili wa m'dimba kumayadi, kumene tinkapita pansi mbandakucha ngati mmene anthu akupitirabe lero. Ndinayambira pa timapaketi ta mbewu. Pali chithunzi cha kabichi, pansi pali mawu, ndiye kuti mawuwo ndi kabichi. Kenaka zitini, kenaka nyuzipepala zokulungira tinsomba ta kapenta. Vuto la sukulu ya kapenta ndi lakuti nkhani iliyonse umaidziwa theka, theka linalo linapita ndi ndiwo za munthu wina. Ndinazolowera kumalizitsa ndekha m'mutu. Chizolowezi chimenechi chisungeni, tikumana nacho kutsogoloku.

Nthawi ina bwana wanga anandibwereka kwa anzake kuti ndikatchetche udzu ku manda a azungu. Kumeneko ndinaona kuti mzungu akafa samuikira mphika wosweka ayi. Amamuimikira mwala, n'kulembapo zilembo ndi manambala. Ndinasunga nzeru imeneyo ngati ndatola mpeni.

Pofika nthawi imene ndinakwatira ambuya anu aNaphiri, ndinali munthu wodziwika. Kalata ikabwera kuchokera kumudzi, inkabwera kwa Tembo. Ndinkaiwerenga nditakhala pa mpando, nditatsokomola kaye kawiri. Ambuya anu anali mwana wa kapitawo wa anthu okonza misewu, anakulira m'misasa ya m'mbali mwa njira, ndipo sankaopa fumbi kapena munthu. Anayamba kukazinga vitumbuwa pa mbaula pansi pa mkuyu, pamodzi ndi amayi ena a tomato ndi thobwa la munkoyo, poti malole ena ankaimabe pamenepo. Malowo anali abwino koma anali ndi matenda amodzi. Chapafupi panali nyumba ya kachasu, ndipo amuna akamwa ankaona ngati mkuyuwo uli ndi ludzu. Dzuwa likatentha, fungo lake linkathamangitsa ngakhale ntchentche zaulemu.

Tsiku lina ndikuchokera ku ntchito, Bana Mwape, amene nthawi imeneyo anali kamtsikana kobereka mwana woyamba, anandiitana.

"Ba Tembo, imwe mubelenga. Apa pa mwala banalembapo chani?"

Ndinatsokomola kawiri. Ndinagwada, n'kupukuta ndi dzanja. Panali F, panali J, pansi pake 3 ndi 5, ndipo pambali pa 5 simenti inali itabenthuka. Mutu wanga wa kapenta unamalizitsa nkhaniyo nthawi yomweyo. Ndinaimirira pang'onopang'ono, ndinavula chipewa.

"Amayi inu," ndinatero, "mukukazinga pa manda. Pano pagona mzungu, dzina lake Efu Jeyi. Anafa ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu."

Amayi anakuwa, wina anakhutula tomato. Ambuya anu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaweramira poto wa mafuta, mapewa akugwedezeka. Ine mumtima ndinati: taonani mkazi amene Mulungu wandipatsa, akulirira mlendo amene sanamuonepo.

Ndinayesa kuti athawa pamalopo, koma m'mawa mwake onse analipo. Ambuya anu anati munthu wakufa sadana ndi fungo la vitumbuwa, chimene amadana nacho ndi chipongwe. Mawu amenewo anafika ku nyumba ya kachasu tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo mkuyu unauma bwinobwino. Chidakwa chikafika pafupi chinkawongola miyendo, n'kudutsa mwaulemu ngati chikupita kukalandira mgonero.

Nkhaniyo inakula yokha, ine sindinaithirire. Wina anati Bwana Efujeyi anagwidwa ndi mkango. Wina anati ayi, anali woyeza misewu, anamwa madzi a m'chithaphwi. Wina analumbira kuti anakumana naye atavala kabudula ndi masokosi ofika m'mabondo, akufunsa tiyi. Akandifunsa ine, ndinkangogwedeza mutu ngati munthu wodziwa zambiri zimene sanganene. Ndipo poti ndine ndinamutulukira, ndinakhala ngati mbale wake. Loweruka lililonse ndinkasesa pamenepo ndi kuzula udzu. Ndikaiwala, ambuya anu ankandipatsa tsache m'manja: "Atate ake Esinati, mzungu wanu wada." Ine amene panyumba sindinkadziwa kumene tsache limagona!

Zaka zinapita. Malole anasamukira ku phula, simbi za makala zinalowa pansi pa bedi, nyumba za dothi zinasanduka za mabuloko. Anthu akamamanga ankatola mwala uliwonse umene waoneka wopanda mwini, ngakhale mphero ya agogo awo ikanalowa m'maziko. Msewu wakale anaudya pang'onopang'ono: uyu watengako mkono umodzi kuika kantemba kogulitsiramo, uyu mikono iwiri kuika chimbudzi, uyu tchalitchi cha malata chokhala ndi sipika yoposa chitseko. Koma pa mkuyu, mapazi asanu kuzungulira mwala, panalibe wokhudza. Ambuya anu atatisiya ndinapitiriza kusesa. Ndisaname, masiku amenewo sindinkasesera mzungu. Pansi pa mtengowo pali dothi lakuda pamene mbaula yawo inkakhala.

Tsono chaka chatha kunasamukira kuno Madamu Sakala kuchokera ku Matero, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pa ntchito. Iwo ndiwo anatisonkhanitsa nkhalamba n'kuyambitsa kabungwe kosunga mbiri ya msewu wakale. Tilipo asanu ndi awiri, ndipo mano athu onse mutawaika pamodzi sangakwane pakamwa pamodzi. Timakumana pa khonde pawo, aliyense n'kumanena zimene akukumbuka, iwo n'kumalemba m'kope. Wina anabweretsa nyali ya lole, wina chitupa cha atate ake chodyedwa ndi njenjete. Cholinga chathu n'chakuti kachidutswa ka msewu kamene katsalako kasathe, pakhale chikwangwani, ana a sukulu azibwera kudzaona pamene makolo awo anatsikira. Ine anandisankha woyang'anira manda, popanda wopikisana naye. Madamu anali ndi vuto la bondo, choncho za mwalawo ankangomva kwa ine, ndipo anadzaza masamba anayi.

Loweruka lija ndilo tsiku limene tinaitana komboni yonse kuti ione ntchito yathu. Chete uja atatha, ine ndikukonzeka kufotokoza za mkango, ndinaona Madamu akuuyang'anitsitsa mwalawo mutu uli chopendekera. Anabwereka kachitsulo kwa Mabvuto, wowotcherera mageti uja amene shedi yake yagundana ndi mkuyu, ndipo ndi bondo lawo lomwelo anagwada kuseri kwa mwala n'kuyamba kupala dothi la kachulu. Panatuluka L, panatuluka 4.

"Ba Tembo," ananong'ona, "bwelani muone kuno."

Mayi uja ndi waulemu, anafuna kundiuza ndekha. Koma munthu amene waphunzitsa ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi imodzi kwa moyo wake wonse, kunong'ona kwake kumamveka mpaka ku komboni ya Mtendere.

"Aya si manda. Uyu ni mwala wa mamailosi. L ni Lusaka, yasala mamailosi folo kufika mu tauni. Uku kusogolo F.J. ni Fort Jameson, Chipata ya manje. Iyi 35 yenze na namba inangu, inabenthuka. Ni mutunda wa kufika kwanu."

Ana inu, makutu anga anatentha moti mukanaotcherapo chimanga. Dzina limenelo ndinalitchula kuyambira ndili mwana, Fotijemusoni, Fotijemusoni, koma sindinalionepo litalembedwa. Ndinkayesa ndi liwu limodzi, ngati chinangwa. Zaka zoposa makumi asanu ndakhala ndikuvulira chipewa dzina la kwathu. Mwala unkandiuza tsiku ndi tsiku kuti mwana iwe, kumene unachokera ndi uko, ine n'kumauyankha kuti usa mu mtendere, bwana.

Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Ndinasekanso nawo, nanga n'kutani. Mmodzi yekha sanaseke. Mabvuto anakweza magalasi ake akuda aja pamphumi, nayang'ana mwala, nayang'ana shedi yake.

"So mudala, mulibe munthu umu?"

"Mulibe, mwana wanga."

"Olo fupa imozi?"

"Ngakhale dzino."

"Ninshi zaka zonse izi nizunguluka na mageti pa mutu, kuyopa kuponda muzungu, kansi ni saini chabe? Apa nizathila silabu. Shedi yanga izafika mpaka pa mutengo."

Pamenepo ndipo ndinazindikira kuti choonadi chavula mwala wathu malaya. Madamu anati alemba kalata kwa akuluakulu kuti mwalawo utetezedwe, ndipo Lolemba m'mawa anapitadi nayo. Koma kalata ilibe miyendo, pamene piki ili ndi manja. Dzuwa lisanakwere ndinamva chitsulo chikukwekwerezeka pa msewu.

Ndinavala jekete yanga ya ku tchalitchi, ndinatenga ndodo, ndinakafika Mabvuto ali ndi piki, akulavulira m'manja. Ndinangokhala pa mwalapo, koyamba chikhalire tsiku lija la fumbi m'makutu. Ndinapeza kuti Bwana Efujeyi ndi mpando wabwino ndithu, ndipo ndinadandaula zaka zonse zimene ndinaima chilili pambali pake.

"Mudala, chokani. Nizakupwetekani."

"Kumba. Ukatizule tonse awiri, tinafika kale kuposa iwe."

Akalipentala anasiya macheka, amayi a tomato anatembenuza mabenchi. Mu komboni mulibe filimu yoposa nkhalamba ndi piki.

"Mabvuto," ndinatero, "atate ako anakuuza kuti anabwera bwanji mu Lusaka?"

"Na basi. Benze mu suti."

"Suti inalipo, ya fumbi, kuyambira kutsitsi mpaka kuphazi. Anabwera pa lole ya thonje, atakumbatira tambala wa mphatso ya amalume awo, nsapato imodzi kuphazi, inzake inatsala ku Luangwa. Anatsikira pomwe waimapo. Mkazi wanga anawapatsa madzi ndi vitumbuwa viwiri, ndipo anadya akulira kuti akufuna kubwerera kwa amayi awo."

Anthu anayamba kuseka. Mabvuto anakhwimitsa nkhope.

"Ba Tembo, na ulemu wonse. Munatinamiza vya muzungu kuchokela nikalibe kubadwa. Manje nizaziba bwanji kuti na ivi simunama?"

Linali funso labwino, ndipo linandilasa. Munthu ukagwa kamodzi pa chitsime, ngakhale ukanene kuti madzi ndi onyowa anthu amafuna umboni. Onse anakhala chete kudikira, chete weniweni tsopano, wosapempha.

"Za mzungu ndinawerenga," ndinatero. "Izi ndinaona. Tandiuza, chala chachikulu cha atate ako, phazi lamanzere, chinali ndi chikhadabo?"

Piki inatsika pang'ono.

"Chenzelibe. Benze kukamba ati ni bola. Ati benze sitiraika."

"Bola wake ndi uyu ndamukhalirayu. Podumpha pa lole, tambala anawakupizira m'maso, phazi lopanda nsapato lija linamenya apa, pambali pa 5. Sindikunena kuti ndiwo anabenthula nambala, koma sindikukananso. Chikhadabo chinagwera pansi apa, aNaphiri anachikwirira ndi phulusa la mbaula. Tsono manda alipo ndithu, mwana wanga, sindinaname kwenikweni. Ndinangolakwitsa mwini wake. Ukufuna kuthira silabu pa atate ako."

Msewu wonse unaphulika. Kalipentala wina anagwa pa benchi. Kenaka gogo wina wa munkoyo anakuwa kuti, "Na ine ninaselukila apa, na mashini ya kusoka pa mutu!" Wina anati amayi ake anamuberekera pafupifupi pomwepo, lole itachedwa. Wina anatchula amalume ake. Madamu akanakhalapo, kope likanadzaza tsiku limenelo.

Mabvuto anaima nthawi yaitali akuyang'ana pobenthuka paja. Kenaka anapukusa mutu.

"Sitiraika," anatero chapansipansi. Anasenza piki yake n'kubwerera mu shedi.

Lachitatu ndinamva chitsulo chikulira, ndinatenganso ndodo yanga. Nditafika ndinapeza akuwotcherera kampanda kozungulira mwala, kokhala ndi timaluwa ta chitsulo ndi kachitseko. Silabu yake anaithira, koma inalekera mapazi asanu, pomwe tsache langa linkalekera. Musamuyese mngelo ayi. Madamu anali atamuuza kuti ana a sukulu azibwera ndi aphunzitsi awo, ndipo aphunzitsi amamanga nyumba, nyumba zimafuna mageti. Pakampandapo dzina lake ndi nambala ya foni zalembedwa zilembo zazikulu kuposa F ndi J. Chikwangwani cha kabungwe chikubwera, mawu ake alemba Madamu. Ndinawawerenga mokweza kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndicho chimene ndikukupemphani inu a masukulu: chinthu muzichizungulira musanatsokomole. Udindo wanga anausintha, tsopano ndine woyang'anira mwala. Tsache ndi lomwe lija.

Chinatsala ndi chimodzi. Dzulo masana ndinapita kwa Bana Mwape, ndinawapeza akuunjika tomato timilu tinayi tinayi. Mwa amayi onse amene analipo tsiku lija ndinatulukira manda, atsala okha. Ndinavula chipewa, ndinati ndabwera kudzapepesa, ndinakuopsezani pachabe, munagulitsa moyo wanu wonse muli ndi mantha, ndipo Loweruka ndinakulizani misozi pa munthu wopeka.

Anandiyang'ana. Chitenje chinakwera kukamwa, mphuno inalira monga inalirira Loweruka.

"Ba Tembo, imwe! Ine kulila? Nenze pafupi kufa na kuseka. Muganiza sitenze kuziba? Ba Naphiri banatiuza siku yamene ija, mutangopita. Batate bao ndiye benze kupenta iyi myala na laimu, beve bakali bang'ono benze kubanyamulila ndowa. Tinati tiyeni tibauze, beve ati, 'Olo mumozi asayese. Bachakolwa bazaleka kutundila pa mutengo, na bamuna banga bazaphunzila kusesa.'"